Mtunda wa pandege pakati pa mizinda yotalikirana: n'chifukwa chiyani manambala sagwirizana?

Mu February 2022 dziko la Russia linaletsa ndege za mayiko ambiri a ku Ulaya kudutsa mumlengalenga mwake. Kuyambira pamenepo, ulendo wochoka ku Helsinki ku Finland kupita ku Tokyo ku Japan, umene unkatenga maola pafupifupi 9, unayamba kutenga maola 13 kapena kuposerapo. Mizinda iwiriyi ikadali pamene inali kale, makilomita pafupifupi 7,800 kutalikirana kwake. Chinasintha ndi njira. Apa m'pamene anthu ambiri anazindikira kuti funso loti "pali mtunda wautali bwanji pakati pa mzinda uwu ndi uwo pandege" lilibe yankho limodzi.

Ngakhale popanda nkhondo, chisokonezochi chimakhalapo. Mukafufuza pa intaneti mtunda wa pakati pa London ndi New York, tsamba lina likupatsani 5,570, lina 5,540, lina 3,440, linanso 2,990. Mukakwera ndegeyo, mapu a pakasikirini kakutsogolo kwa mpando wanu akuonetsani njira yokhota ngati uta, yolowera kumpoto, ndipo pobwerera mupeza kuti ulendo wafupika ndi ola lathunthu. Palibe amene wanama. Pali zinthu zitatu zosiyana zimene tonse timangozitchula kuti "mtunda": njira yachidule kwambiri pamwamba pa dziko lozungulira, makilomita amene ndege yadutsadi tsiku limenelo, ndi maola amene ulendo watenga. Makampani a ndege amasamala kwambiri chachitatuchi, pamodzi ndi mafuta, kuposa choyamba.

Njira yachidule pa dziko lozungulira

Tengani mpira, mulembepo timadontho tiwiri totalikirana, ndipo mukoke ulusi kuchokera pa kadontho kena kufika pa kanzake mpaka ulusiwo utakungika. Pamene ulusi wagona ndiye njira yachidule koposa. Mukaupitiriza kuzungulira mpira wonse, ulusiwo ugawa mpirawo pakati penipeni n'kupanga magawo awiri ofanana. Mzere woterewu akatswiri amautcha great circle, ndipo mtunda woyezedwa motsatira mzerewu ndi umene masamba ambiri a pa intaneti amapereka. Ikweta, mzere umene umagawa dziko kumpoto ndi kum'mwera, ndi great circle. Mizere yonse yodutsa pansonga ziwiri za dziko nayonso ndi yotero. Koma mizere ina yopingasa imene mumaiona pamapu, yoyenda mofanana ndi ikweta, si great circle ayi, chifukwa imanka nichepa mukamayandikira nsonga za dziko.

Vuto limabwera ndi mapu a papepala. Dziko lozungulira silingayalidwe papepala lafulati popanda kulikoka penapake. Mapu amene ambiri tinawazolowera amatsatira njira imene Gerardus Mercator anakonza mu 1569 pofuna kuthandiza oyendetsa zombo. Pamapu amenewa mzere wowongoka umatanthauza kuyenda osasintha kumene kampasi yaloza, zomwe zinali zothandiza kwambiri panyanja. Koma kuti zimenezi zitheke, madera a kufupi ndi nsonga za dziko anawakulitsa mopitirira muyezo. N'chifukwa chake Greenland amaoneka ngati akulingana ndi Africa, chonsecho Africa ndi wamkulu kuwirikiza ka 14.

Chitsanzo chomveka bwino ndi New York ndi Beijing. Mizinda yonse iwiri ili pafupifupi madigiri 40 kumpoto kwa ikweta, choncho pamapu zimaoneka ngati ndege ingoyenera kulunjika kumadzulo mpaka itafika. Kuyenda choncho n'kudutsa makilomita pafupifupi 14,400. Njira ya great circle imalowera kumpoto, kudutsa Canada, kufika madigiri pafupifupi 84, kufupi ndi nsonga yakumpoto ya dziko, kenako n'kutsikira ku Siberia. Kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 11,000. Njira imene imaoneka yokhota pamapu ndi yaifupi ndi makilomita oposa 3,000, omwe ndi maola pafupifupi 4 a kuuluka.

Kum'mwera kwa ikweta zimachitikanso chimodzimodzi, kungoti uta wake umaloza kum'mwera. Ndege zochoka ku Johannesburg kupita ku Sydney, mtunda wa makilomita pafupifupi 11,000, zimalowera kum'mwera kwa nyanja ya Indian m'malo molunjika kum'mawa. Kusiyanaku kumakula mizinda ikakhala kutali ndi ikweta komanso ikatalikirana chakum'mawa ndi kumadzulo. Paulendo wochoka kumpoto kupita kum'mwera, kapena woyenda kufupi ndi ikweta, mapu sanama kwenikweni.

Palinso malire amene sangapitiriridwe. Kuzungulira dziko paikweta ndi makilomita 40,075, kotero palibe mizinda iwiri imene ingatalikirane kuposa makilomita pafupifupi 20,000. Mukapitirira pamenepo ndiye kuti mwayamba kuyandikira kuchokera mbali inayo. Spain ndi New Zealand ali pafupifupi pamalire amenewa.

Mmene amawerengera

Aliyense amene ali ndi kakyuleta ya sayansi angathe kupeza mtundawu. Pamafunika manambala awiri pa bwalo lililonse la ndege: latitude, kutanthauza madigiri a kutalika kwa malo kuchokera paikweta, ndi longitude, madigiri a kutalika kwake kum'mawa kapena kumadzulo kuchokera pamzere wodutsa ku Greenwich ku London. Lamulo lake n'loti malo a kum'mwera ndi a kumadzulo amalembedwa ndi chizindikiro chochotsera.

Tiyeni titenge bwalo la O.R. Tambo ku Johannesburg, lomwe lili pa madigiri 26.1 kum'mwera ndi 28.2 kum'mawa, ndi la Heathrow ku London, pa madigiri 51.5 kumpoto ndi 0.5 kumadzulo. Choyamba pezani kusiyana kwa longitude. Popeza bwalo lina lili kum'mawa ndipo lina kumadzulo, mumaphatikiza: 28.7. Kenako, pogwiritsa ntchito mabatani a sin ndi cos a pakakyuleta, chulukitsani sin ya −26.1 ndi sin ya 51.5, mupeza −0.3443. Chulukitsaninso cos ya 26.1, cos ya 51.5 ndi cos ya 28.7, mupeza 0.4904. Phatikizani ziwirizi, zikupatsani 0.1461. Dinani batani la cos⁻¹ pa nambala imeneyi ndipo mupeza madigiri 81.6. Amenewa ndi madigiri a kutalikirana kwa mabwalo awiriwa mukawayang'ana kuchokera pakatikati pa dziko. Digiri iliyonse ndi makilomita pafupifupi 111.2, choncho mtunda ndi makilomita pafupifupi 9,070.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri ndi ziwiri. China ndi kuiwala chizindikiro chochotsera pa malo a kum'mwera, ndipo mukatero yankho limatsika kufika cha m'ma 3,700, ngati kuti Johannesburg ali kumpoto kwa ikweta. China ndi kusiya kakyuleta ili pa RAD m'malo mwa DEG, pamene imawerengera m'madigiri.

Mukayerekezera yankho lanu ndi la masamba a akatswiri, mupeza kuti lawo ndi lochepa ndi makilomita pafupifupi 30. Chifukwa chake n'chakuti dziko silozungulira ndendende. Ndi lophwatalala pang'ono kunsonga: kuchokera pakati kufika paikweta pali makilomita 6,378, pamene kufika kunsonga pali 6,357. Kuwerengera kwathu kuja kumatenga nambala yapakati, 6,371, pamene mapulogalamu a akatswiri amatsatira maonekedwe enieni a dziko, mofanana ndi GPS. Kusiyanaku nthawi zambiri sikupitirira theka la 1 peresenti.

Ena amafunsa ngati kuuluka pamwamba kumatalikitsa ulendo. Kumatalikitsadi, koma pang'ono zedi: pamtunda wa makilomita 11 kuchokera pansi, ulendo wa makilomita 10,000 umawonjezeka ndi makilomita 17 okha.

Tsopano manambala anayi a London ndi New York aja. Ya 5,570 ndi makilomita kuchokera pakati pa mzinda kufika pakati pa mzinda unzake. Ya 5,540 ndi makilomita kuchokera pabwalo la Heathrow kufika pa la JFK. Ya 3,440 ndi mtunda womwewo m'mamailo wamba, omwe iliyonse ndi mamita 1,609. Ya 2,990 ndi ya ma nautical mile, muyezo umene oyendetsa ndege ndi zombo amagwiritsa ntchito, womwe ndi mamita 1,852. Anausankha chifukwa digiri imodzi ya latitude ndi ma nautical mile 60, zomwe zimaphweketsa kuyeza pamapu. Mukaona "nm" kapena "nmi", chulukitsani ndi 1.852 kuti mupeze makilomita.

Mphepo ya pamwamba

Ndege yamakono yoyenda maulendo ataliatali imauluka pa liwiro la makilomita pafupifupi 900 pa ola, koma liwiro limeneli ndi lodutsa mumpweya, osati poyerekezera ndi nthaka. Mpweyawo nawonso ukuyenda. Pamtunda wa makilomita 9 mpaka 12 pali mikwasa ya mphepo yamphamvu yotchedwa jet stream, yomwe imaomba kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, kumpoto ndi kum'mwera komwe. Nthawi zambiri liwiro lake limakhala makilomita 150 mpaka 250 pa ola, ndipo m'nyengo yozizira limatha kupitirira 300. Ndege imene ili ndi mphepo ya makilomita 200 pa ola kumbuyo kwake imadutsa makilomita 1,100 a pansi ola lililonse. Ikamalimbana nayo imadutsa 700 okha.

N'chifukwa chake kuchoka ku New York kupita ku London kumatenga maola pafupifupi 7, pamene kubwerera kumatenga pafupifupi 8. Mu February 2020, panthawi ya namondwe wotchedwa Ciara, ndege ya British Airways ya mtundu wa Boeing 747 inayenda ulendo wa New York kupita ku London m'maola 4 ndi mphindi 56. Johannesburg kupita ku Sydney ndi maola pafupifupi 12, koma kubwerera ndi pafupifupi 14.

Anthu ena amaganiza kuti kusiyanaku kumabwera chifukwa dziko likuzungulira pansi pa ndege. Sizili choncho. Mpweya umazungulira limodzi ndi dziko, ndipo zikanakhala kuti nthaka imathawa pansi pa ndege, ulendo wopita kumadzulo ndi umene ukanakhala waufupi, zomwe n'zosemphana ndi zimene zimachitika. Kuzungulira kwa dziko kumalowapo mwa njira ina: pamodzi ndi kusiyana kwa kutentha pakati pa ikweta ndi nsonga za dziko, ndi kumene kumachititsa kuti mphepozi ziziomba chakum'mawa.

Apa ndi pamene ntchito ya okonza maulendo imasangalatsa. Asananyamuke, kompyuta imayerekezera njira zambirimbiri potengera ulosi wa mphepo, n'kusankha imene idye mafuta ochepa kapena nthawi yochepa, ngakhale itakhala yotalika m'makilomita. Panyanja ya Atlantic kumpoto, oyang'anira kayendedwe ka ndege a ku Gander ku Canada ndi ku Prestwick ku Scotland amatulutsa njira zatsopano tsiku lililonse: zopita kum'mawa amaziika mkati mwa jet stream, zopita kumadzulo amazipatutsa kuti ziilambalale. Mu 2016 Air India inayamba kudutsa panyanja ya Pacific popita ku San Francisco kuchokera ku Delhi, njira ya makilomita pafupifupi 15,300. Inali yotalika ndi makilomita oposa 1,000 kuposa yakale, koma ndege inkafika msanga. Chimodzimodzinso Singapore Airlines paulendo wa Singapore ndi New York, womwe pa great circle ndi makilomita pafupifupi 15,350. Nthawi zambiri ndegeyi imapita kudzera ku Pacific n'kubwerera kudzera ku Atlantic ndi ku Ulaya, kulowera kum'mawa ulendo wonse, moti ikamafika kwawo imakhala itazungulira dziko.

Kumene ndege singadutse

Dziko lililonse lili ndi ulamuliro pa mlengalenga wa pamwamba pake. Limatha kulipiritsa ndege zodutsa, ndipo limathanso kuziletsa. Zimene zikuchitika ndi Russia si zachilendo. Panthawi imene Russia inali mbali ya Soviet Union, ndege zambiri za pakati pa Ulaya ndi Japan zinkatera ku Anchorage ku Alaska kukamwetsa mafuta. Panthawi ya tsankho ku South Africa, mayiko ambiri a mu Africa analetsa South African Airways kudutsa mumlengalenga mwawo kuyambira mu 1963, ndipo ndege zake zopita ku Ulaya zinkazungulira cha kunyanja, kumadzulo kwa Africa, n'kumatera pachilumba cha Sal ku Cape Verde. Masiku ano, popeza makampani ena amaloledwa kudutsa ku Russia pamene ena saloledwa kapena safuna, ndege ziwiri zochoka mumzinda umodzi kupita kumzinda umodzi zimatha kusiyana ndi ola kapena maola awiri.

Chachiwiri ndi lamulo la mainjini. Ndege ya mainjini awiri iyenera kukhala pamtunda woti injini imodzi itazima, ingathe kufika pabwalo loyenera ndi yotsalayo. Kale malire ake anali mphindi 60, zomwe zinkachititsa kuti nyanja zikuluzikulu ziziwolokedwa ndi ndege za mainjini atatu kapena anayi. Mainjini atayamba kudalirika, panabwera chilolezo chotchedwa ETOPS, chomwe chimapatsa mtundu wa ndege ndi kampani yake mphindi zochulukirapo. Mu 1985 zinafika 120, kenako 180, ndipo mu 2014 Airbus A350 inaloledwa mpaka mphindi 370. Wokonza ulendo amajambula mzere wozungulira bwalo lililonse lothawirapo, ndipo njira yonse iyenera kukhala mkati mwa mizereyo. Bwalo limodzi la pachilumba likakhala ndi nyengo yoipa usiku umenewo, sililowanso m'chiwerengero, ndipo njira imakhota.

Mapiri nawonso ali ndi mbali yawo. Mpweya wa mkati mwa ndege ukatuluka mwadzidzidzi, woyendetsa amayenera kutsika mwachangu kufika mamita pafupifupi 3,000, kumene munthu amapuma popanda chothandizira, chifukwa timamasiki ta okwera timapereka okosijeni kwa mphindi zowerengeka chabe. Dera lokwera la Tibet lili pamtunda woposa mamita 4,000 kwa makilomita mazanamazana, kotero kulibe kotsikira. Ndege zambiri zimalilambalala.

Zotsalazo ndi zing'onozing'ono koma zimaunjikana: njira zoikidwa zonyamukira ndi zoterera, kulambalala mitambo ya mabingu, madera a asilikali, ndi kuzungulirazungulira podikira mpata wotera pabwalo lotanganidwa. Bungwe la ICAO, lomwe limayang'anira za ndege padziko lonse, powerengera mpweya woipa wotuluka paulendo limawonjezera makilomita 50 paulendo wosakwana 550, makilomita 100 paulendo wa pakati pa 550 ndi 5,500, ndi makilomita 125 paulendo woposa pamenepo.

Maola a patikiti

Nthawi yolembedwa patikiti si ya mumlengalenga yokha. Imayamba ndege ikangosuntha pamalo okwerera, n'kutha ikaima pamalo otsikira, ndipo makampani amawonjezerapo mphindi zina poopa kuchedwa. Kuti muyerekeze nokha, gawani makilomita ndi 850, muwonjezere theka la ola. Pa Johannesburg ndi London zikupatsani maola 11 ndi mphindi zochepa, zomwe n'zogwirizana ndi zenizeni chifukwa njirayi simalimbana kwambiri ndi jet stream. Paulendo wopita kum'mawa chotsanipo pang'ono, wopita kumadzulo onjezerani.

Samalaninso kuti nthawi zonse za patikiti ndi za wotchi ya kumaloko. Ndege yonyamuka ku London 19:00 mu January n'kufika ku Johannesburg 08:00 sinayende maola 13 koma 11, chifukwa wotchi ya ku South Africa imakhala patsogolo ndi maola awiri m'miyezi imeneyo. Owoloka Pacific kulowera kum'mawa amadutsa mzere wosinthira tsiku, ndipo amatha kufika "asananyamuke" malinga ndi kalendala.

Mukasintha ndege panjira, mtunda wanu ndi wa zigawo zonse kuphatikiza. Johannesburg kupita ku London kudzera ku Addis Ababa ndi makilomita osakwana 10,000, chifukwa mzindawu suli kutali kwambiri ndi mzere wachidule. Kudzera ku Dubai ndi pafupifupi 11,900. Mtengo wa tikiti sutsatira makilomita, moti ulendo wotalikawo umatha kukhala wotchipa.

Kodi ndege ingafike pati osatera?

Wopanga ndege akanena kuti ndege yake imafika makilomita akutiakuti, amatanthauza mumpweya wabata, itanyamula katundu wa mulingo winawake. Paulendo weniweni mafuta amakhala m'magawo: oyendera pansi, a ulendo wonse, owonjezera a zadzidzidzi omwe nthawi zambiri ndi 5 peresenti ya a ulendo, okafikira pabwalo lina ngati loyamba latsekeka, ndi omalizira okwanira kuuluka mphindi 30, omwe sayenera kukhudzidwa. Mafuta nawonso amalemera, choncho paulendo wautali ndege imawotcha mafuta ena pongonyamula mafuta anzake. Ndege ili ndi malire a kulemera ponyamuka, ndipo matanki akadzaza, okwera kapena katundu ayenera kuchepa. Airbus A350-900ULR ya ulendo wa Singapore ndi New York imatha kunyamula malita 165,000 a mafuta, koma ili ndi mipando 161 yokha, paulendo wa maola oposa 18.

Bwalo lonyamukira nalonso limasintha zinthu. La ku Johannesburg lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700, kumene mpweya ndi wopepuka, makamaka kukatentha, ndipo ndege singanyamuke ndi kulemera kumene ikananyamuka nako m'mphepete mwa nyanja. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri maulendo ena ochoka kumeneko kupita ku America ankaima ku Dakar.

London ndi Sydney, makilomita pafupifupi 17,000, ndi chitsanzo cha kusiyana kwa kutha kufika ndi kufika mopindula. Mu 1989 Boeing 747-400 ya Qantas inayenda ulendowu osatera m'maola 20 ndi mphindi zochepa, koma inali ndi anthu ochepa kwambiri. Ulendo wokhazikika wosatera pakati pa Australia ndi London unadzayamba mu March 2018, kuchokera ku Perth, makilomita pafupifupi 14,500, pa Boeing 787-9.

Nambala iti imene imagwira ntchito pamalamulo?

Pa nkhani za chipepeso, nambala imene imawerengedwa ndi ya great circle, osati makilomita amene ndege inadutsadi. Lamulo la European Union la nambala 261 la 2004 limatero momveka: ndege ikalephereka kapena ikachedwa kwambiri pa vuto la kampani, wokwera amalandira mayuro 250 paulendo wosapitirira makilomita 1,500, mayuro 400 paulendo wa pakati pa 1,500 ndi 3,500, ndi mayuro 600 paulendo wotalika kuposa pamenepo wotuluka kunja kwa mayiko a bungweli. Ngati munasintha ndege panjira ndi tikiti imodzi, amayeza kuchokera pabwalo loyamba kufika pa lomaliza molunjika, osaphatikiza zigawo. Makampani amene amapereka mapointi potengera mtunda nawonso amatsatira mtunda wa pakati pa mabwalo, m'mamailo wamba, kotero ndege ikazungulira Russia kapena ikalambalala namondwe mapointi anu sawonjezeka. Pofufuza nambala imeneyi, lembani zilembo zitatu za bwalo, monga LHR (Heathrow), JFK kapena NRT (Narita), osati dzina la mzinda, chifukwa London, New York ndi Tokyo ali ndi mabwalo angapo, ndipo ena, monga Narita, ali makilomita pafupifupi 60 kuchokera pakati pa mzinda.